Bambo Barnabas Tarimwele ndi Mabuku Awo Opanda Zikuto

Malemu Bambo Barnabas Tarimwele anabadwa pa 9 Juni 1949 kuno ku Longana, pachilumba chathu cha Ambae. Anali achiwiri kubadwa m'banja la malemu Bambo Simeon ndi Mayi Dorika. Ndikuona ena mwa inu mukudabwa kuti mkazi wamasiye waimirira ndi pepala m'manja. Mbiriyi amayenera kuwerenga ndi alamu anga a Manase, ang'ono awo a malemu, ndipo analembadi yawo. Ndinaimva dzulo. Muli ubatizo, muli ukwati, muli nkhumba zonse zimene malemu anapha pamiyambo, koma buku silinatchulidwemo ngakhale kamodzi. Ndiye ndati ayi, ameneyo si munthu amene ndakhala naye nyumba imodzi. Ndalemba yangayanga. Sukulu ndinalekeza kalasi yachisanu, mukamva polakwika mungomeza.

Malemu anayamba sukulu ya mishoni mu 1957. Analekeza mu 1963 chifukwa bambo awo anafuna manja owathandiza kuwamba kokonati, mwayi wopita kusekondale n'kugwera a Manase. Mu 1968 analembedwa ntchito yosenza matumba a kopra, kokonati wowamba uja, pasitima yoyenda pakati pa kuno ndi chilumba cha Santo.

Ku Santoko kunali sitolo ya mkulu wina wa ku China amene ankakulunga katundu m'mapepala ong'amba m'mabuku. Mabukuwo anabwera m'mabokosi kuchokera ku Australia ati mphatso ya masukulu, koma anali olemera, opanda zithunzi, aphunzitsi anawakana. Tsiku lina mu 1971 malemu anagula fodya wopota, atamasula pepalalo anayamba kuliwerenga. Linkanena kuti mtengo wa mafuta a kokonati amaukhazikitsa ndi anthu a kutsidya kwa nyanja amene sanakwerepo mtengo wa kokonati chibadwire. Nkhani itafika pokoma, tsamba linatha. Anabwerera kusitolo kuja.

"Bwana, tsamba lotsatira lili kuti?"

"Gula fodya wina, ulipeza."

Anagula, anagulanso, munthu woti sankasuta kwenikweni. Mapeto ake mwini sitolo anawaponyera chibuku chonsecho nati, "Tenga uzipita, wandiumitsa mutu."

Umu ndi mmene anayambira. Sitima ikaima ku Santo, anzawo ankathamangira kumowa, iwo kumasitolo kukapempha mabuku ong'ambidwa kale. N'chifukwa chake mabuku a m'nyumba muno ambiri alibe chikuto, alibe chiyambi. Mpaka lero sitidziwa maina ake ngakhale amene anawalemba. Maina ndinapereka ndine, potengera fungo. Lilipo la Fodya, lonena za mitengo ya zinthu. Lilipo la Sopo, lonena mmene mafumu ndi maboma anayambira kulamulira anthu, ndi chifukwa chimene anthuwo amavomerera. Lilipo la Nsomba, lonena za anthu a m'zilumba zino amene anatengedwa kukadula nzimbe ku Queensland, ku Australia. M'menemo malemu anapezamo dzina la chilumba chathu, ndipo tsiku limenelo sanadye, poti agogo awo aamuna anapita ulendo umenewo osabwerako.

Tinamanga ukwati woyera pa 12 Ogasiti 1975. Akwawo anapereka mikeka yofiira ndi nkhumba monga mwa mwambo, palibe chimene chinaperewera. Chimene sanandiuze n'chakuti ndikulowa mitala. Akazi anzanga ndinawapeza m'bokosi pansi pa bedi, ndipo chaka chilichonse ankaonjezeka. Mphepo yamkuntho itasasula denga lathu mu 1987, lona yokhayo imene tinali nayo anafunditsa mabuku, mikeka yanga yaukwati n'kuvumbwa mpaka kuola. Nkhani imeneyi sindinawakhululukire, ndipo poti akundimva pamene agonapo, ndikunenanso.

Mu 1979 malemu anasiya sitima n'kukhazikika pamunda. Pamudzi pano munkawatcha Pulofesa wa Fodya. Musayang'ane pansi, ndinkamva. A Manase pabwalo lomwera kava, chakumwa chathu choledzeretsa chija, ankakonda kufuula kuti, "Achimwene, mabuku anuwo akuti mvula igwa liti?" Iwo ankangoyankha kuti, "Za mvula sanena, mng'ono wanga. Akuti anthu ngati iwe analiponso kale, ndipo anafa osadziwa amene ankawadyera."

Inenso ndinali mbali yanu, mpaka chaka china mtengo wa kopra utagwa. Ndinali nditawamba kokonati mpaka maso kufiira ndi utsi, koma chimene tinalandira sichinakwane n'komwe sopo ndi palafini. Ndinaponya thumba pakhomo n'kunena kuti, "Bambo a Lois, kokonati ndi yemweyo, utsi ndi womwewo, msana wanga ndi womwewo. Chasintha n'chiyani? Afunseni akazi anuwo andiyankhe."

Ndinkayesa ndawatukwana. Iwo nkhope inangowala. "Mayi a Lois, funso limenelo ndi langanso. Khalani pansi."

Kuyambira pamenepo, ine ndikamasenda nthochi ndi kupala kokonati, iwo ankawerenga Chingerezicho n'kumandimasulira m'chinenero chathu. Ndinamva zinthu zoti mutu kuzungulira. Ati kuli anthu amene amagula mbewu isanadzalidwe n'komwe, n'kuigulitsa asanaione. Ati kunali dziko limene anthu ankalipira msonkho pa mchere, nyanja ili pakhomo pawo. Ati kwina zigoba za m'nyanja zinali ndalama monga mikeka ilili kwa ife, mpaka alendo anabwera nazo zodzaza sitima, chuma cha anthu n'kusanduka zinyalala. Ndinafunsa kuti nanga wina atabwera ndi makina oluka mikeka yofiira, ana athu adzakwatira ndi chiyani? Anaseka nati, "Limenelo mwina lili m'buku linalo." Nthawi zonse yankho linali m'buku linalo. Buku la mitengo ya zinthu linkatitumiza ku buku la nkhondo, la nkhondo ku la mafumu, la mafumu ku la minda ndi eni ake. Ndinkakwiya, koma mawa lake ndinkakhalanso pansi.

Mu 2018, phiri la Manaro litalavula phulusa, tonse tinasamutsidwa. Aliyense ankanyamula zimene akanatha. Amuna anu ananyamula miphika, mbewu ndi malata. Anga ananyamula matumba awiri a mabuku, ine n'kumakapempha mphika kwa eni ake ku Santo ngati mwana wamasiye. Koma mumsasa muja, pamene tinalibe munda ngakhale chochita, ndani ankadzaza pakhomo pa tenti yathu kudzamva za anthu ena amene anachotsedwapo pazilumba zawo? Ena mwa inu mwakhala kutsogolo kuno. Komweko malemu anapeza buku lina lalikulu, lopanda chikuto ngati anzake, limene ndinalitcha la Phulusa.

Mu 2022 malemu anapezeka ndi matenda a shuga, maso anayamba kuchita mdima. Apa zinthu zinatembenuka. Anandipatsira buku la Phulusa nati, "Werengani ndinu." Ndinati, "Mwapenga? Chingerezi changa n'cha kalasi yachisanu." Anati, "Inu tulutsani mawuwo mmene mukuwaonera, tanthauzo ndipereka ndine." Ndiye ine ndinali maso, iwo anali mutu. Ndinkapunthwa pa liwu lililonse lalitali, iwo n'kumaseka mpaka kutsokomola, kenako n'kundiuza chimene ndawerenga. Tsamba limodzi linkatitengera madzulo onse. Ankati buku limeneli ndiye likuyandikira funso langa lija.

Mu Febuluwale chaka chino chilonda cha kuphazi chinakula, anagonekedwa kuchipatala ku Santo. Madokotala ndi anamwino anayesetsa. Anapempha okha kubwerera kumudzi, ndipo anatisiya Lachitatu pa 3 Epulo 2024, masamba otsala kuti timalize bukulo ali ochepa, osaposa kunenepa kwa chala changa chaching'ono.

Tsopano mumve chimene chandiimiritsa pano. Dzulo masana ndinachoka pambali pa malemu kuti ndikapume mphepo kuseri kwa nyumba. Ndinapeza azibambo pansi pa mtengo wa mango akupichira fodya m'mapepala a zilembo zing'onozing'ono. Kumoto wa miyala yophikira, azimayi ankakolezera mapepala omwewo. Ndinathamangira m'nyumba. Buku la Phulusa munaling'amba kuyambira kumapeto, poganiza kuti kumbuyo sikuoneka. Mwabwera kudzalira munthu amene anapulumutsa mabuku kwa ogulitsa fodya, inu n'kuwabwezeranso ku fodya, mwini wake asanalowe n'komwe m'manda!

Nditawafunsa a Manase, amene ndudu yawo inali ikufuka, anati, "Alamu, ndi mapepala chabe, mwini wake wapita. Otsalawo tiwakulunge m'mikeka apite nawo, monga timachitira ndi katundu wa munthu."

Ndinawayankha pamaso pa anthu, ndipo ndikubwereza pamaso pa ansembe. Mwini wake sanapite, ndi amene akulankhulayu. Chipewa chawo, chikwanje chawo ndi mano a nkhumba zawo zipite nawo. Buku ngakhale limodzi silikulowa m'manda. Pakhomopo ndaika dengu. Amene muli ndi tsamba m'thumba, kaya lapsa theka, kaya lili ndi mafuta a nkhumba, muponyemo maliro asananyamuke. Sindiyang'ana nkhope.

Mlandu ngati umenewu chindapusa chake ndi nkhumba kapena mkeka. Nkhumba sindikufuna, siitha Chingerezi. Ine maso ndili nawo, chimene ndaferedwa ndi mutu. Masiku onse amene mwambo undisunge m'nyumba muno ndikulira, odzandipepesa musangobwera ndi nyimbo zokha. Amene munapita kusukulu mubwere ndi magalasi anu. Ine ndiziwerenga, inu muzimasulira. Woyamba ndi a Manase, poti sekondale yawo ija analipirira ndi msana wa malemu.

Ndinkayesa akana. Koma lero m'mawa abwera kukhomo la kuseri, chipewa m'manja, andipatsa masamba atatu, limodzi lopserera m'mbali. Sanapepese, a Manase mumawadziwa. Anangoima n'kumakanda m'mutu, kenako anati, "Alamu, ndinaliwerenga ndisanabwere nalo. Zoti kuli anthu ogula mbewu isanadzalidwe, n'zoona zimenezi? Nanga ikapanda kumera amatani?" Ndinati, "Funso labwino, alamu. Mubwere tikaika maliro, mudzakhale pansi."

Malemu asiya ine mkazi wawo Hilda, ana atatu: Lois, Dickson ndi Keith, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mng'ono wawo a Manase, mlongo wawo Mayi Salome, ndi mabuku amene sindinawawerenge kuchuluka kwake kuyambira dzulo, poopa kukwiyanso.

Ndikuthokoza ansembe ndi a kwaya, anamwino amene ankabwera kudzatsuka chilonda, eni boti amene anatibweretsa kuchokera ku Santo, achinyamata amene akumba manda, ndi nonse amene mwabwera ndi mikeka, zilazi ndi nkhuni. Azimayi ophika ndikukuthokozaninso, koma moto muzikoleza ndi makoko a kokonati.

Bambo a Lois, munandiphunzitsa kuti buku lopanda chiyambi limawerengeka. Tiona ngati lopanda mapeto liwerengekenso. Mzimu wanu uuse mumtendere. Ngati kumene mwapitako mwalipeza yankho la kopra wanga uja, mulisunge bwino, ndidzakufunsani ndikangofika.