Ovolosi imene inkabwera yosada

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupatsani moni nonse. Ndine Esinati wa ku Chawama. Dzino langa lakutsogolo silinaguluke ndi nzimbe ayi, analigulula ndi amuna anga, a Phiri.

Zinayamba zaka zija boma linkagulitsa makampani. Bambo amene anali asanandilozepo ngakhale chala anangosanduka chilombo. M'mawa ndinkawasitira ovolosi ndi nsimbi ya makala, iwo n'kunyamuka. Madzulo ndikangofunsa kuti kuntchito kunali bwanji, mbama. Tsiku limene ndinadabwa kuti ovolosi yabwera yosada ndi limene dzino linapita.

Ndinakadandaula kwa alangizi a kutchalitchi. Iwo anati, "Limba chabe mwana, ukwati ni kupirira. Uziona bwino vamene uphika." Mpaka lero mawu amenewa amandipsetsa mtima. Munthu wabwera mlomo uli wotupa, inu n'kumamufunsa za mchere wa m'ndiwo? Ndinasala kudya, ndinapemphera mpaka mawu kusasa, kumwamba kuli zii. Ndinafika pomuuza Mulungu kuti ngati akudikira mtembo wanga angonena.

Yankho linadzera mwa munthu amene sitipemphera naye n'komwe, a Yusufu, telala wachisilamu wa pamsika. Nditapita kukasoketsa chitenje, anayang'ana mlomo wanga n'kuimitsa makina.

"Amayi, ba Phiri bamankala pa benchi apa kuchoka kuseni," anatero a Yusufu. "Nchito inasila kudala. Bayopa ati mukaziba simuzabaona monga mwamuna."

Nditamva kuti ntchito yawo inatha kalekale, amangokhala pamsika kuyambira m'mawa, ndinakwiya kuposa kale. Kani ndinkamenyedwa chifukwa cha manyazi a munthu wina! Funso langa lachikondi linkawakhudza pabala limene ankabisa, iwo n'kumabwezera pankhope panga.

Tsiku lomwelo ndinatenga ana n'kukwera minibasi kupita kwa mkulu wanga ku Mtendere. Sindinabwerere mpaka a Phiri atanena ndi pakamwa pawo, pamaso pa abale a mbali zonse, kuti ntchito inatha ndiponso kuti anandilakwira. Analira ngati mwana. Ine sindinalire nawo.

Lero amasoka limodzi ndi a Yusufu, ndipo chinthu chikawavuta amalankhula, sakwezanso dzanja. Ndikuthokoza Mulungu amene ananditsegula maso ndisanalowe m'manda. Alongo anga, musatope kupemphera, koma kapempherereni kumene chibakera sichifika. Mulungu anandibwezera banja, koma dzino lija silinamerenso.