Makina a Amayi pa Tebulo Lopendekeka

Masana a Lachisanu, ukwati wa mlongo wanga uli mawa lake m'mawa, makina osokera a amayi anayamba kudula ulusi diresi la mkwatibwi lisanalumikizidwe manja. Ine ndinali nditangobwera ku tchuthi kuchokera ku yunivesite, komwe ndikuchita chaka chokonzekera uinjiniya wa makina, chaka cha masamu ndi sayansi zokhazokha chomwe munthu sakhudzako ngakhale sipanala, komabe ndinawaletsa kuitana wokonza, ndipo posakhalitsa makinawo anali zidutswa patebulo lodyera.

"Watha?" anafunsa amayi, diresi lili pamkono.

"Ndatha kumasula."

"Ndiye watha theka. Zikomo kwambiri. Bweza tsono."

"Musathamange, amayi. Injiniya sabweza chinthu asanachimvetse."

"Wachimvetsa?"

"Ndikuchiyang'ana."

"Nanga kachitsulo kopindikaka kachoka pati?"

Ndinakatola n'kukatembenuza uku ndi uku, nkhope nditaiumitsa ngati dokotala. Kunena zoona, ine ndi kachitsuloko tinali tikuonana koyamba.

"Mkati," ndinatero.

"Mkati mwa chiyani?"

"Mwa makina."

"Eya, sukulu ndi yabwino," anatero amayi akugwedeza mutu. "Koma mlongo wako akubwera kudzayeza madzulo ano. Kodi ndisamuimbire wokonza uja, adzangokuthandiza kugwira?"

"Ayi! Adzandithandize ine? Uja wa njinga yopanda mabuleki?"

"Chabwino, usakalipe. Ndinamuuza kale kuti ayambe kufuna ntchito ina, m'nyumba muno mwalowa injiniya. Makasitomala anga onse akudziwa. Wina akubweretsa wotchi Lolemba."

Ndinatenga sikuludiraiva n'kuyamba kusunthasuntha masikuluwu patebulo kuti ndioneke wotanganidwa.

"Ndiye chikukuchedwetsa n'chiyani?" anafunsanso. "Kusukulu kwanu mumayamba bwanji?"

Apa ndi pomwe munthu wanzeru akananena zoona. Ine pakamwa panathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

"Vuto ndi malo, amayi. Kusukulu zinthu zimakhala mwina. Choyamba, ife tikamagwira ntchito timayerekeza kuti kulibe mphepo."

"Aa! Osanena bwanji?"

Anapachika diresi pampando, n'kutseka mawindo onse, kutseka chitseko, kuzimitsa fani, ndipo pansi pa chitseko anatsekapo ndi chinsanza.

"Yatha. Ukamapuma uzipumira kumbali."

"Amayi, ndati timangoyerekeza!"

"Iwo amayerekeza chifukwa mawindo awo ndi osweka. Kuno tachotseratu. Bweza."

Thukuta linayamba kutsika m'khosi. Ndinalowetsa sikuluwu ina pabowo lina, inalowa bwinobwino n'kutulukira mbali inayo.

"Sizingatheke," ndinatero. "Ife sitinazolowere chinthu chili poyera chonchi. Timaphunzira ndi bokosi."

"Bokosi lanji?"

"Bokosi basi. Funso lililonse limayamba ndi bokosi."

"Muli chiyani m'bokosimo?"

"Sanena."

"Miyezi yonseyi palibe walitsegula?"

"Silitsegulidwa, amayi."

"Koma ana inu ndinu aulemu. Ine ndikanasuzumira tsiku loyamba lomwelo."

Analowa kuchipinda, ndinamva zinthu zikukhutulidwa pansi, kenako anatuluka ndi katoni yomwe munali mbale za mphatso. Ananyamula mutu wa makina, mbali yaikulu yokhayo yomwe ndinailephera kumasula, n'kuuika mkati.

"Ndi limeneli bokosi. Ndilitseke kuti ufanane ndi kusukulu?"

"Mukalitseka ndigwira bwanji?"

"Ndimafuna ndikufunse zomwezo."

Ndinayang'ana m'katoni, makina nawo anandiyang'ana. Ndikanagonja pamenepa, koma ndinali nditamunyoza kale wokonza uja ndi njinga yake yomwe.

"Bokosi lokha silikwanira. Limakhala pa thabwa lopendekeka."

"Lopendekeka? Chifukwa chiyani?"

"Ndi mmene sayansi imafunira."

"Yunivesite yonse ija alibe kalipentala?"

"Amalipendeketsa dala, amayi! Ndiye poti tebulo lathu ndi lowongoka, palibe chomwe ndingachite. Si vuto langa."

Ndinapinda manja, mtima uli m'malo, poganiza kuti ndapeza potulukira. Amayi anasuzumira m'chikwama changa n'kutulutsa mabuku awiri onenepa.

"Nyamula mbali iyo."

"Amenewo ndi mabuku a masamu!"

"Ndiye agwire ntchito ya masamu. Nyamula, dzuwa likupita."

Ndinanyamula. Inde, ine ndemwe, ndi manja angawa. Analowetsa buku limodzi pansi pa mwendo uwu, lina pansi pa mwendo uwo, tebulo n'kupendekera ku mpando womwe panali diresi. Masikuluwu anagwedezeka pang'ono koma anaima, chifukwa tebulo lathu ndi lokalamba, lokhakhala ngati chidendene.

"Lapendekeka mokwanira, kapena tiwonjezere dikishonale?"

"Lakwanira."

"Bweza."

"Amayi..."

"Chatsala n'chiyaninso? Mphepo kulibe, bokosi lilipo, phiri lilipo."

Mukudziwa, munthu akayamba kumira m'matope, amaponda ndi mwendo winawo kuti aone ngati kumenekonso kuli matope.

"Thabwa lathu limakhala loterera," ndinatero motsitsa mawu. "Losagwira chinthu ngakhale pang'ono. Lotero silipezeka m'nyumba. Silipezeka pena paliponse padziko lapansi. N'chifukwa chake ndikuti..."

"Silipezeka kwa anthu osadziwa kusamala nyumba."

Anatenga kabotolo ka mafuta a makina, n'kuthira patebulo kuyambira kumtunda, kwinaku akupaka ndi kansalu mwachangu ngati akupukuta galasi. Katoni anaitukula pang'ono kuti mafuta alowe pansi pake.

"Amayi, musatero!"

"Wati loterera."

"Ndati m'buku!"

"Mabuku ali pansi pa tebulo, akumva."

Zoyamba kunyamuka zinali masikuluwu. Anatsetsereka mwaulemu, ina pambuyo pa inzake, n'kugwera pansi, ena kulowa pansi pa kabati, ena pansi pa sofa. Kachitsulo kopindika kaja kanatsatira. Kenako katoni inasuntha.

"Diresi!" anakuwa amayi.

Analitsomphola pampando n'kulikweza pamwamba pa mutu ngati akuwoloka mtsinje. Ine ndinadumpha n'kuikumbatira katoni ili pamphepete penipeni, chifuwa changa chonse chili m'mafuta, bondo litagunda mwendo wa tebulo. Ndipo mundikhululukire, pamene ndinali chigwadire choncho, mtima wanga unadzaza chimwemwe.

"Amayi, mwaona? Mwaona mmene layendera? Layamba pang'onopang'ono, kenako liwiro n'kumawonjezeka! Ndi zomwezo ndendende! Miyezi yonseyi ndimangolijambula, lero ndaliona ndi maso!"

"Waona chiyani?"

"Bokosi! Ndipatseni pepala, ndikuwerengerani liwiro lomwe likanafikira pansi!"

"Ukawerengera, asoka?"

"Ayi."

"Nanga liwirolo mlongo wako avala?"

M'nyumba munali motentha ngati mu uvuni. Amayi anatsitsa diresi pang'onopang'ono, n'kuliyang'ana mbali zonse kufuna dontho la mafuta. Linalibe. Koma linalibenso manja, ndipo ndinawaona akusisita nsalu yoyerayo, yomwe anakhala akuisoka kuyambira tsiku lomwe mlongo wanga ananena za ukwati. Manyazi anandigwira mpaka m'makutu.

"Sinditha kuwabweza, amayi."

"Chasowa chiyani? Nena, ndikatenge."

"Palibe chasowa. Ine ndi amene sindidziwa. Makina sindinawagwirepo chiyambire."

"Ku uinjiniya wa makina?"

"Sindinafikeko. Masamu anga a kusekondale anaperewera pang'ono, ndiye anandilowetsera khomo lakumbali. Chaka chino n'chokonzekera chabe. Ndikakhoza mayeso, m'pamene adzandilole kuyamba chaka choyamba."

Amayi anakhala pasofa, diresi lili pamiyendo.

"Ndiye sunayambe?"

"Ndayamba."

"Wayamba chiyani?"

"Kukonzekera kuyamba."

"Makina mudzawagwira liti?"

"Chaka cha mawa. Mwina chinacho."

"Nanga kumasulaku unaphunzira kuti?"

"Kumasula saphunzitsa, amayi. Munthu amabadwa nako."

"Zoona, bambo ako analinso nako." Anapuma mozama. "Bwanji sunandiuze bwinobwino?"

"Ndinayesa. Koma tsiku lija ndinasankhidwa kupita ku yunivesite munavina pakhonde, mpaka munaitana aneba. Sindinakuonenipo mutasangalala choncho. Ndinaopa kukuchotserani."

Anandiyang'ana, ine ndili chikumbatire katoni, malaya akudontha.

"Kodi yunivesiteyo ndi yomweyo?"

"Yomweyo."

"Umalowera pageti lomwe amalowera enawo?"

"Lomwelo."

"Ndiye ndinavina zoona. Kuvina kwanga kusiye, sikunalakwe. Chalakwa ndi tebulo langali." Anadzuka. "Tsono ukwati tiusunthire chaka cha mawa, kapena chinacho?"

"Amayi, muimbireni wokonza uja."

"Wa njinga yopanda mabuleki?"

"Ndi njinga yabwino ndithu. Ndinangoiona molakwika."

Anaimba. Ndinamva mawu a mwamuna akuseka kutali, amayi akungoti "eya, eya, pepani, eya." Anadula foni.

"Akuti ali pa ulendo, abwera Lachiwiri. Akuti popeza ntchito kuno inatha, anapita kukaona abale. Akupereka moni kwa a injiniya."

"Ndiye titani?"

"Iwe tsitsa bokosi lakolo pansi, pamalo owongoka, ngati sayansi ikulola. Tsegula mawindo, mphepo ibwerere. Tola masikuluwu onse, ukasambe m'manja ndi sopo kawiri."

Anatuluka. Ndinakwawa pansi pa kabati ndi pansi pa sofa, n'kupeza masikuluwu, mabatani akalekale ndi supuni yomwe tinkamunamizira mlongo wanga kuti anataya. Ndinachotsa mabuku, ndinapukuta tebulo, ndinasamba. Pomwe ndimamaliza, amayi analowa atanyamula makina a aneba, aja opukusa ndi dzanja, akuwefuka. Anawaika patebulo mosamala ngati khanda la eni.

"Ndawauza kuti athu akupuma," anatero. "Sindinaname."

Anakhala pansi, analowetsa ulusi, n'kupukusa. Makinawo anayenda bwino, koma ine khutu langa la uinjiniya linamva kaphokoso.

"Amayi, mukukamva kakulira ako? Pali china chakhwefuka mkatimo. Mungondilola ndisuzumire pang'ono, sindimasula zambiri..."

Dzanja langa lisanafike, linalandira mbama. Sanatembenuke n'komwe. Anapisa m'kabokosi kawo, natulutsa singano ya pamanja, ulusi woyera ndi kansalu kotsala podula diresi, n'kundiika zonsezo m'manja.

"Khala apo. Soka mzere wowongoka kuchokera uku kufika uko. Ukatha, umasule, uyambirenso."

"Pa kansanza? Ndipatseniko chophimba kumutu cha mkwatibwi, ndithandizeko zenizeni."

"Ukakhoza mayeso."

"Nanga makinawo? Ngakhale kupukusa kokha?"

"Makina ndi a chaka cha mawa, mwina chinacho," anatero amayi, maso ali pa dzanja la diresi. "Kuno nakonso, bambo, timayamba ndi chaka chokonzekera."