"No problem" wa mng'ono wanga

Ine, mkulu wake wa malemuyu, wa zaka 41, wopenta nyumba, wokhala kuseri kwa depoti ya mabasi, ndikunena izi kwa inu apolisi:

Ine ndi mng'ono wanga tapenta limodzi zaka zisanu ndi ziwiri. Kuntchito ankamutchula kuti Nopulobulemu, chifukwa Chingelezi chake chonse chinathera pa mawu awiri, "no problem". Mukamuthokoza, no problem. Mukamuponda phazi, no problem. Kapitawo akamukalipira, mawu ake omwewo. Tsiku limene mkazi wake anamuthawa ndinamupeza atakhala pa chitini cha penti, misozi ili chuchuchu, koma anandiyankhanso chimodzimodzi.

Lachiwiri cha m'ma 10 koloko m'mawa tinali pa nyumba ya nsanjika zitatu. Mvula inali itangokata, makwerero achitsulo ali onyowa. Lamba wodzimangirira pokwera tili naye mmodzi yekha, ndipo anali m'chiuno mwanga chifukwa ndinali nditangotsika ku khoma lakumbuyo. Kapitawo analoza pamwamba pa zenera lomaliza n'kunena kuti, "Iwe, kwera ukamalize apo, eni nyumba akubwera masana." Mng'ono wanga anayankha kuti, "No problem."

Ndamva kuti kapitawo wakuuzani kuti munthuyo anavomera yekha. Mawuwo anawanenadi, sindingakane. Koma lembani izi, bwana. Mwana uja akamavomera ndi mtima wonse ankawakweza mawuwo, akuseka. Akamaopa ankawanena chapansipansi, uku akukanda kuseri kwa khutu.

Tsiku limenelo anakanda khutu n'kundiyang'ana. Ndinali mamita anayi okha kuchokera pamene anaima, ndikutakasa penti. Ndinaona. Mumtima ndinati ndimalize kaye chitinichi ndiye ndimupatse lambayo. Iye sanandipemphe, sankadziwa kupempha. Anakwera.

Patapita mphindi ngati zisanu ndinamva makwerero akukhula simenti, kenako chiphokoso. Ndinamupeza ali chagada, bulashi idakali m'manja. Sanayankhulenso. Anamwalira m'galimoto tisanafike kuchipatala.

Amayi sindinawauze za lambayo, inu ndinu oyamba kumva. Mtima ukundiwawa, bwana, pentiyo akanatha kudikira. Kapitawo ali ndi mlandu wake, koma mukamalemba dzina lake, langa mulilembe pansi pake.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi.

Wosaina: ______________ (mkulu wake wa malemu)