Masamba Pamsewu wa ku Metsimotlhabe

Zaka zija ndinkaphunzitsa ku Dedza, ndisanalote n'komwe kuti ndidzakalambira kuno ku Gaborone, ana asukulu ndinkawauza zomwezi zimene wandibweretsera papepalali, Tadala. Aphunzitsi ako akuti ulembe za dziko la makolo ako, ndipo foni yakuuza kale zonse: kuti mbendera yathu ili ndi mtundu wakuda, wofiira ndi wobiriwira, kuti pamwamba pake pali dzuwa lotuluka, kuti likulu ndi Lilongwe, kuti anthu ake ndi ansangala. Palibe cholakwika pamenepo. Koma wandifunsa ngati pali chizindikiro china chimene foniyo yaiwala, ndiye khala pansi, nawenso Mphatso sendera kufupi ndi mkulu wako, ndikuuzeni za masamba.

Kwathu munthu akamwalira, uthenga usanafike patali, amuna ankathyola nthambi zaziwisi n'kuziyala pamsewu, zina kumtunda kwa nyumba ya siwa, zina kumunsi. Panalibe cholembedwa, panalibenso woimirira kuti alondere, koma aliyense wodutsa ankadziwa. Wapanjinga ankatsika n'kuyamba kukankha, wachipewa ankavula, woyendetsa galimoto ankachepetsa liwiro n'kutseka wailesi, ndipo amayi ochokera kumsika ankasiya kuseka mpaka atapitirira nthambi zachiwirizo. Womwalirayo mwina sunamudziwe, mwinanso munali pa udani, koma pakati pa masamba awiriwo munthu ankayenda ngati ali m'tchalitchi. Maliro n'kulirana, ankatero akuluakulu, ndipo ife tinkaona ngati dziko lonse lapansi limadziwa zimenezi.

Ine ndi agogo anu aakazi, a NaBanda, tinabwera kuno bambo anu Dalitso ali wakhanda. Tinkati tigwira ntchito zaka zisanu n'kubwerera, koma zisanuzo zinabala zisanu zina, ndipo tinamanga nyumba ino ku Metsimotlhabe kuno kukadali tchire la minga ndi mbuzi. Mtengo wa mandimu uwo pafupi ndi mpopi anadzala ndi iwowo, ankauthirira ndi madzi otsukira mbale chifukwa mvula ya kuno mukuidziwa.

Tsiku limene anatisiya inu munali kwa amayi anu aang'ono, ndiye izi simunazione. Nditachoka kuchipatala m'mawa, ndinafika pano pakhomo pali zii. Ndinaima pageti, magalimoto akudutsa ndi nyimbo zawo, ana akupita kusukulu akuthamangitsana, ndipo palibe chimene chinkaonetsa kuti m'nyumba muno mwachoka munthu amene anakhalamo zaka zonsezo. Ndinatenga chikwanje. Mitengo ya kuno ndi yaminga, singayalidwe pamsewu, choncho ndinadula nthambi zinayi za mandimu awo aja, ziwiri ndinakaika cha kushopu, ziwiri cha kumunsi kuja. Kwathu mwini maliro sachita yekha ntchito imeneyi, koma panalibe wina woti ndimutume.

Magalimoto ankangoziponda. Wina anaimba hutala, wina anazizungulira akupukusa mutu. A MmaKabelo, oyandikana nafe awa, anatuluka n'kundifunsa mwaulemu ngati ndikufuna kuti andiitanire anthu otola zinyalala. Musawaone ngati oipa, ana inu. Atamva chimene chachitika anagwira pakamwa, ndipo sabata yonse ija ndi iwo ankaphika tiyi wa anthu obwera kumapemphero. Eni dziko ali ndi maliridwe awo, ndipo anatilira bwino. Kungoti masamba sankawauza kanthu.

Kenaka kunatulukira munthu pa njinga, atavala ovolosi yothimbirira ndi simenti, chakudya chake atamangirira kumbuyo. Atafika pa nthambi zija anagwira mabuleki. Anayang'ana pansi, anayang'ana nyumba, ndipo anatsika. Anavula chipewa n'kuyamba kukankha njinga pang'onopang'ono mpaka pageti pomwe ndinaima.

"Pepani bambo," anatero m'Chichewa cha ku Mulanje, "ndaona masamba. Kwagwanji?"

Ndinati, "Mayi a kunyumba kuno."

"Mayo. Kwawo n'kuti?"

"Ku Dedza, kwa Kaphuka."

Sanafunsenso china. Anatsamiritsa njinga kumpanda, nakhala pansi pakhonde pomwe wakhala iwepo Mphatso, miyendo atatambasula, inenso n'kukhala pambali pake. Anati ankapita kukamanga nyumba m'tauni ku Block 10, ndipo ndikudziwa kuti tsiku limenelo anachedwa kuntchito. Chichokereni kuchipatala ndinali ndisanagwetse msozi, koma pamene munthu uja anakhala pansi, m'pamene ndinadziwa kuti a NaBanda apitadi. Ponyamuka anangoti, "Limbani mtima, bambo." Dzina lake sindinamufunse, ndipo sindinamuonenso.

Bambo anu anafika cha m'ma teni kuchokera kwanu ku Phakalane. Ndinawaona akuimitsa galimoto, akutsika, akutola nthambi zija imodziimodzi n'kuziponya kuseri kwa mpanda.

"Adadi, kuno si kumudzi," anatero. "Anthu aziti mwasokonezeka mutu. Ndalengeza kale pafoni, aliyense wamva."

Ndinangowasiya. Anali atangotaya mayi awo, maso ali psuu, ndipo ankafuna kunditchinjiriza kuti anthu asandiseke. Komanso cholakwa n'changa. Ndinaphunzitsa ana a eni masamu zaka makumi atatu, koma mwana wanga sindinamutengepo n'kumuimika pamsewu wa kwathu kuti aone anthu akutsika panjinga. Tinkati tidzamuonetsa tikadzabwerera. Masamba aja anakhala pamsewu maola awiri okha.

Mwina mukuganiza kuti ndikanangobwerera kwathu. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, ndi zoona, koma ndinapitako chaka chatha kukapereka zovala za agogo anu kwa abale awo. Amene ankandidziwa ambiri ali kumanda, ndipo ana awo ankanditchula kuti "a ku Botswana aja". Pobwerera minibasi yathu inapeza masamba pamsewu, ndipo dalaivala sanachotse phazi pamoto, nyimbo ili pamwamba. Ine ndekha ndinavula chipewa, mnyamata wokhala pambali panga n'kumandiyang'ana ngati ndamva kutentha. Ndiye sindidziwa kuti dziko limene ndikukuuzanili likadalipo kapena latsala m'mutu mwangamu.

Mwezi wamawa ndikusamukira kwanu ku Phakalane, mwamva kale. Madokotala akuti ndisamakhalenso ndekha, ndipo nyumba ino ena aigula, pamodzi ndi mandimuwo. Kumeneko misewu amasesa m'mawa uliwonse, tsamba silikhalitsa pansi. Sindikupempha kuti mudzandinyamule kupita ku Dedza, ayi, ndidzagona pafupi ndi agogo anu konkuno. Chimene ndikupempha n'chaching'ono, masamba okha pamsewu, ndipo bambo anu sindingawapemphe.

Ukuti chiyani, Tadala? Yankhula Chichewa chomwecho, ngakhale chothyoka, ndimva. Ukuti adadi adzakukalipira? Adzakalipa, inde, ndipo masambawo adzawachotsa. Usadzakangane nawo. Iwe udzangothyola nthambi ziwiri za mtengo uliwonse wopanda minga, imodzi uike kumtunda kwa geti, ina kumunsi, m'mawa anthu akamapita kuntchito. Ku Phakalane alonda ndi osamalira maluwa ambiri ndi a kwathu, ndipo amayenda panjinga.

Papepala lakolo usalembepo zimenezi, aphunzitsi akufuna mbendera ndi likulu, apatse zomwezo. Koma inu awiri, kulikonse kumene mudzakhale, mukadzaona nthambi zaziwisi zitayalidwa pamsewu, musadzafunse kuti wataya zinyalala ndani. Mudzachepetse liwiro, mudzatseke nyimbo. Ndipo tsiku langalo likadzafika, Tadala, ukadzaika masambawo usadzathamangire kulowa m'nyumba. Udzaime pageti pang'ono. Mwina sipadzadutsa aliyense wodziwa. Koma wina akadzatsika panjinga, udzamupatse mpando, ndipo udzamufunse dzina.