A Kingston Namakhwa Sanafunsidwe Kachiwiri

Abusa, akulu a mpingo, amayi a Mvano, ndi inu nonse mwabwera kudzakhuza malirowa, amene ndaima pano ndine Wallace Namakhwa, mkulu wawo wa malemu bere limodzi. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri. Ena anandinong'oneza kuti za chipani ndizidumphe. Sindizidumpha, chifukwa mbiriyi ingaduke pakati. Pa 18 February 2023, a Steve Tranter, mtsogoleri wa chipani cha Bridge, anawalanda a Kingston Namakhwa mpando dzuwa likuswa mtengo. Tsopano ndiyambe poyambira.

Malemu anabadwa pa 9 June 1964 kufupi ndi Luchenza, m'boma la Thyolo. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu anayamba mu 1971 ndipo anafika mpaka Fomu 2. Mayi athu anatilera kuti chinthu chaulemu sulandira pofunsidwa kamodzi. Umakana, akuumirize, ukanenso, kenako ulandire ndi manja awiri. Wolandira msanga ankati ndi wadyera. Pa ana tonse, amene anagwiritsa mwambowu ndi a Kingston. Ngakhale tiyi wa kwa eni ake ankayamba amukana kaye, njala ili m'maso.

Mu 1983 analembedwa ntchito yoyeza masamba pa esiteti ya tiyi, ndipo patapita zaka anakhala kapitawo. Mu August 1991 anamanga banja ndi mayi Patience Likoswe, ukwati wa pa tchalitchi. Mwana wawo woyamba, Mwaiwathu, anabadwira komweko.

Mu 2003 malemu anabwera kuno kudziko la Angerezi, nthawi ija tinkangokwera ndege popanda viza. Anafikira ku Stoke-on-Trent, komwe ankanyamula makatoni mu warehouse n'kumagona m'nyumba ya lendi yozizira ngati mtsuko. Banja linawatsatira, ndipo Bethany ndi Tyler anabadwira kuno. Mu 2008 anasamukira kudera lino la Black Country. Mu 2011 anayamba kuyendetsa basi ya pakati pa Wolverhampton ndi Birmingham. Basiyo ndi imene inawadziwitsa kwa anthu. Akamva munthu akuyankhula Chichewa kapena Chinyanja pafoni kumbuyo, potsika ankamupatsa moni n'kumufunsa kwawo. Ambiri mwakhala muno nambala yoyamba imene munasunga mutafika inali yawo.

Chipani cha Bridge chinayamba mu 2019. A Steve anali ndi shopu ya makapeti yomwe inatsekedwa, ndipo iwo ndi mayi Helen, mlembi wawo, anasonkhanitsa anzawo ochepa. Ankati iwo si ofiira, si abuluu, zipani ziwiri zazikulu za kuno, koma ali pakati, ndipo za ku London alibe nazo ntchito, zawo ndi za matauni athu ano. Mtundu wa chipani anasankha wotuwa ngati phulusa. Pa chisankho chawo choyamba, anthu amene anawavotera sakanadzaza n'komwe basi ya malemu.

A Kingston anakumana ndi a Steve pamsika wa Bilston, a Steve akugawa timapepala tomwe anthu ankangoponya pansi. Anawamvera chisoni, n'kuima, n'kucheza nawo. Atabwera kudzandiuza, ndinawachenjeza kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo munthu wokana kunena mbali yake amakhala akudikira kuona kumene kwapsa mphika. Anandiseka, amvekere achimwene inu mumakayikira ngakhale madzi a pampopi. Ankati zipani zazikulu zimatikumbukira nthawi ya chisankho basi, koma chaching'ono chimamva chifukwa chilibe kothawira.

Mu 2022 ana athu anayamba kufika ambiri pa viza ya care, ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ochokera ku Malawi ndi ku Zambia. Anafika ndi mavuto awo. Bwana wina ankawamana ma shift, wina ankawaopseza kuti ukadandaula ndikuchotsera sponsorship ubwerere kwanu. Malemu anazindikira zinthu ziwiri. Choyamba, makampani ambiri olemba anawa ntchito yawo amaipeza kukhonsolo. Chachiwiri, Mmalawi ndi Mzambia wokhala muno movomerezeka ali ndi ufulu wovota, koma anawo sankadziwa. Akaweruka pa basi ankayenda khomo ndi khomo kuwalembetsa. Misonkhano ya chipani, yomwe inkachitikira patebulo limodzi la mu pub, inayamba kusowa mipando. A Steve anaimirira pamaso pa ma carer n'kulonjeza kuti mu wadi yathu adzaima ndi a Kingston, kuti m'khonsolo mulowe munthu wodziwa kumene nsapato ikuwawa. Malemu sankafuna mpandowo kuti atchuke. Ankafuna kuti mwana wa eni ake akaopsezedwa, akhale ndi khomo logogoda.

Mu October chaka chomwecho, mpingo uno unasankha malemu kukhala mkulu wa mpingo. A Steve anabwera ngati mlendo, anakhala benchi ya kutsogolo kwanga, pafupi ndi Bethany. Dzina litatchulidwa, malemu anakana. Abusa anawafunsanso, anakananso. Kachitatu ndi pamene anaweramitsa mutu, amayi n'kululutira. A Steve anadabwa, ndipo Bethany anawafotokozera m'Chingerezi kuti kwathu munthu waulemu amatero, kukana koyamba si kukana. A Steve anagwedeza mutu n'kunena kuti mwambo wokongola kwabasi. Ndinamva ndi makutu angawa, ndipo Bethany ali apo.

Tsopano tifike pa 18 February 2023, tsiku losankha oimira chipani. Misonkhano yonse inkachitika Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Umenewu wokha anauika Loweruka masana, ma carer ali pa shift. Chifukwa chake sitinauzidwe. Malemu anapita atavala suti yatsopano yomwe anagula kuti azidzavala kukhonsolo, ndipo ine ndinawaperekeza. A Steve anawafunsa pamaso pa anthu ngati akuvomera kuima. Malemu anaimirira, anamanga batani la jekete, n'kunena kuti, "Ine sindine woyenera. Alipo ena odziwa kuposa ine." Anakhala pansi akumwetulira, kudikira funso lachiwiri.

Mayi Helen anatsegula pakamwa kuti afunse ngati akunenetsa. A Steve anawatsekereza ndi dzanja. Anathokoza malemu chifukwa chonena chilungamo, ndipo anati popeza wadiyo yasowa munthu, iwo adzipereka okha ngakhale amakhala kutali. Oyandikana nawo anaomba m'manja asanamalize n'komwe kuyankhula, ngati anthu oti anadziwiratu. Ndinawagwira malemu pabondo kuti imirirani. Sanaimirire. Bambo wa zaka zawo, mkulu wa mpingo, akananena bwanji pagulu kuti ndimangokana, mpandowo ndikuufuna?

Ana a care atamva anakwiya, ena anati savota. Malemu ndi amene anawaziziritsa mtima. Anati munda tinalima tokha sitingautenthe chifukwa cha khasu. Anayendanso khomo ndi khomo kupempha anthu kuti avotere munthu amene anawachita zimenezi. Mu May 2023 a Steve anapambana, ndipo chipani chinapeza mipando itatu. Ofiira ndi abuluu anatsala pang'ono kufanana mphamvu, choncho manja atatu a makhansala a Bridge anasanduka golide. Lero ankadya ndi awa, mawa ndi awo, ndipo pasanathe miyezi a Steve anali wapampando wa komiti. Za ma carer anazitchula kamodzi m'khonsolo. Atsikana athu atapita kukawaona, anawapatsa nambala yoti aziimba. Wina akafunsa za a Kingston, ankayankha kuti mwini wake anakana yekha, ndipo chipani chimalemekeza mawu a munthu. Kwa malemu ankati musadandaule, ulendo wina.

Mu November 2024 malemu anadwala sitiroko ali kunyumba, ndipo mbali ya kumanzere inafooka. Anagonekedwa kuchipatala ku Wolverhampton, komwe anamwino anawasamalira bwino, ena mwa iwo ana omwe anawalandira okha. Basi anaisiya. Koma mutu unali bwino, pakamwa panabwerera, ndipo ankayenda ndi ndodo. Wadi yathu ili ndi makhansala atatu, ndipo mpando wina ukupita pachisankho mu May muno. Chaka chatha chikutha, chipani chinayamba kufuna munthu. Malemu anauza mayi Patience kuti awatengere suti ija ku dry cleaner. Foni sinkachoka pamtsamiro. Ikalira ankafunsa ngati ndi a Steve. Anandiuza kuti ulendo uno akangofunsidwa avomera pomwepo, mayi athu awakhululukire.

Pa 24 January 2026 matenda anabwereranso, ndipo anatisiya pa 27 January m'chipatala chomwe chija, ali ndi zaka 61. Suti imene mwaiona m'bokosimu ndi yomweyo.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Patience, ana atatu, Mwaiwathu, Bethany ndi Tyler, zidzukulu ziwiri, alongo awo awiri ku Luchenza, ndi ine.

Banja likuthokoza abusa ndi mpingo wonse, amayi a Mvano amene sanachoke pakhomo chichitikireni zovutazi, madalaivala anzawo amene abwera mu yunifomu, abale a ku Stoke-on-Trent, ndi abale athu a ku Zambia. Tikuthokoza ma carer amene mwasinthana ma shift kuti mupezeke pano. Mayi Helen anabwera kuchipatala okha, osatumidwa, ndipo tikuwathokoza. A Steve Tranter tawaona, akhala kutsogolo kuno, ndi nkhata yawo ya riboni yotuwa taiona. Chichitikireni matendawa lero ndi tsiku loyamba kuwaona, ndipo muno mwadzaza anthu ovota. Anapempha kuti ayankhulepo m'malo mwa chipani. Banja lakana kamodzi, ndipo kukana kwathu ndi kwa kuno, asadikire kuti tisintha.

A Kingston, mng'ono wanga, mwanyamula anthu ambiri, tsopano akunyamulani inu. Mulungu amene munamutumikira akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.

Pa mpando wa mu May, chipani cha Bridge chaimika mkamwini wa a Steve. A Kingston Namakhwa sanafunsidwe kachiwiri.