Ndinapempha kuti tizilombo tichoke, Mulungu ananditumizira tina

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse. Ine ndine mayi wa ku Milonde, ndipo yanga ndi nkhani ya nkhuku zotsekula m'mimba. Musaseke, chifukwa nthawi imeneyo ine sindinkaseka ayi.

Mwana wanga wamkazi anapeza banja, mnyamata wa ku esiteti ya tiyi. Pokonzekera chinkhoswe ndinadzitama pamaso pa akuchimuna kuti za ndiwo asavutike nazo, nkhuku ndiweta ndekha. Pakamwa pangapa! Ndinagula anapiye a nkhuku za nyama, anakula bwinobwino, kenako anangoyamba kutsekula. Zitosi madzi okhaokha, utuchi uli nyowee, nkhuku zili zyoli pakona. Ndinkatsegula makapisozi a mankhwala opha tizilombo n'kumathira m'madzi akumwa monga amachitira ambiri kwathu kuno. Zikati zachira, zayambiranso, ine n'kuwonjezera makapisozi. Zina zinafa, zotsalazo nthenga zokhazokha. Ndinalira, abale, poganiza za manyazi amene ankandidikira pa chinkhoswe. Pemphero langa linali limodzi: "Atate, chotsani tizilombo tonse m'khola muno."

Tsiku lina masana ndinangoona asebele anga, mayi ake a mnyamata uja, atulukira osanena. Mayo ine! Ndinawayalira mkeka kutali ndi khola, koma fungo silibisika. Ananyamuka okha kukasuzumira.

"Asebele, mwazimwetsa chiyani izi?" anandifunsa.

Ndinaulula zonse.

"Aa, ndiye mwapha ndi tizilombo tabwino tomwe. M'matumbo mwa nkhuku mumakhala tizilombo tothandiza kugaya chakudya. Mawa ndikubweretserani tina."

"Tizilombo? Ine ndikupemphera kuti tichoke, inu mubweretse tina?"

Anaseka mpaka kugwira nthiti. Kani iwo amawetanso nkhuku kuseri kwa nyumba yawo ya kampani, ine osadziwa. M'mawa mwake anabwera ndi kapaketi ka ufa wa tizilombo tothandizato, wogula kusitolo ya mankhwala a ziweto, akuti masiku ano oweta akuulimbirana. Tinachotsa utuchi wonyowa uja, kutsuka momwera, makapisozi kuwasiya, n'kumasungunula ufawo m'madzi. Kunena zoona ndinkathira mtima uli m'mwamba, uku ndikunong'ona kuti Ambuye, ngati ndinu, chabwino.

Pang'ono ndi pang'ono zitosi zinauma, nkhuku zinayamba kupondana pachakudya. Pofika chinkhoswe, kunyamula ziwiri mkono unkatopa. Anthu anadya mpaka kumasula malamba. Amalume ake a mnyamata anaimirira kundiyamikira kuti mayi awa amadziwa kuweta. Ndinati ndiulule mwini ntchito, koma asebele ananditsina pantchafu. "Khalani chete, lero ndi tsiku lanu," anandinong'oneza.

Misozi inalengeza. Ine ndinkangopempha nkhuku, koma Mulungu anandionetsa mtima wa mayi amene ndikumupatsa mwana wanga, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Ndikumuthokoza kwambiri. Inu amene muli pamayesero, musafooke, pempheranibe, koma musamusankhire njira yoyankhira. Dzina lake lilemekezeke. Ameni.