Nsapato Imodzi ya Kotoha

Bambo Morishita amagwira ntchito pasiteshoni ya sitima, kumene tsiku lonse amalamula khamu la anthu kuti liime kumbuyo kwa mzere wachikasu, anthuwo n'kumvera. Koma m'mawa uwu anali atabisala kukhitchini ndi akazi awo a Chizuru, akusuzumira mwana wawo Kotoha, wa zaka zisanu ndi zitatu, amene akangomva lamulo, ngakhale lokoma bwanji, mantha amamugwira, miyendo n'kuuma gwa. Patatha milungu itatu osaponda kusukulu, lero anali atakhala yekha pakhomo, nsapato imodzi ili kuphazi.

"Imodzi yalowa!" ananong'ona bambowo. "Ndikamuuze avale inayo."

"Mwayambatu! Adokotala aja anati chiyani? Si mwano, ndi mantha. Osalamula. Kungonena zimene mukuona."

"Ndikuona kuti tachedwa."

"Limenelonso ndi lamulo, langovala jekete."

"Nanga ndikati 'chonde mwana wanga'?"

"Lamulo logwada."

"Ndimuyamikire?"

"Dzana munamuyamikira kuti akudya bwino, mpunga anausiyira pomwepo."

"Ndiye ndinene chiyani, amake Kotoha?"

"Zimene mukuona, basi!"

Bambowo anakonza kukhosi ngati ali pachimkuzamawu cha kuntchito. "Nsapato ili pansi. Ndi yoyera. Ili kumanzere kwa ambulera."

"Kodi mukulengeza sitima?"

"Khoma lilipo. Denga nalonso..."

"Tatsekani pakamwapo!"

"Aaa, limenelo si lamulo?"

"Inu ndinu munthu wamkulu!"

Ali mkati mokangana, nsapato yachiwiri inalowa. Kotoha anaimirira, chikwama kumsana, dzanja pachitseko. Bambowo misozi inalengeza m'maso, chimwemwe chinawakwera, ndipo pakamwa panathamanga pokha ndi mawu a m'chinenero chawo amene aliyense amauza munthu wotuluka m'nyumba.

"Itterasshai!"

Kotoha anakhala pansi. Anavula nsapato zonse ziwiri.

"Mayo ine!" a Chizuru anagwira kumutu. "Mwachita chiyani?"

"Ndangotsanzikatu!"

"Mawuwo amati chiyani? 'Pita ukabwere.' Malamulo awiri m'mawu amodzi!"

"Zaka makumi anayi ndikuwanena, osadziwa kuti ndine msilikali."

"Pitani mukamupepese. Valani nsapato mumuperekeze. Fulumirani!"

"Sindipita."

"Mwati bwanji?"

"Ndimafuna kupita ndekha, ndinali nditanyamula kale phazi. Koma poti mwanena ndinu, basi, zatha."

"Abambo, si nthawi yocheza ino!"

"Sindikuchezatu. Miyendo yakana."

Bambowo anadzikoka n'kukakhala pakhomo pomwepo pafupi ndi mwana wawo, manja atapinda pachifuwa. Manyazi anawagwira kwambiri. Munthu woimitsa anthu chikwi ndi mluzu umodzi, lero walepheretsa mwana wake sukulu ndi moni, kenako walephera kudziimiritsa yekha.

Kotoha anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga nsapato zawo, n'kuziika bwinobwino zitaloza kuchitseko.

"Nsapato za ababa zili apa," anatero motsitsa mawu, maso ali kukhoma. "Ndi zakuda."

Bambowo anangozindikira mapazi ali kale m'nsapato. Kotoha anavala zake, natsegula chitseko, n'kucheukira amayi ake.

"Amayi, musamawalamule. Amachita mantha."